Ndalama Yakuda ya Apongozi

Hamilton ankakonda kunena kuti chithunzi sichinama, amanama ndi wojambula. Ankadziwa chimene ankanena, pakuti iye mwini anali wojambula zithunzi pa Namadzi, munthu wotha kutenga mkwati wamanjenje wovala jekete yobwereka n'kumuimika pomwe dzuwa likugwa bwino mpaka atuluke ngati mwini esiteti. Koma za maukwati zinali zongopezera ndiwo. Mtima wake unali pa ndalama zakale: makobidi oboola pakati a nthawi ya Chitaganya, matiki, masheleni, zonse zimene anthu anaziiwala m'zitini ndi pansi pa masutikesi. Akapita kukajambula ukwati ku Ndunde kapena ku Mikolongwe ankabwerako thumba likulira, ndipo ankazigulitsa pa msika wa pa intaneti, kumene anthu a ku Joni ndi a kutsidya kwa nyanja amapikisana mitengo pa chinthu chimene angochiona pachithunzi.

Intaneti yake ankaipeza kwa mnzake Overtone, amene anali ndi kompyuta m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya simenti. Zaka zimenezo chithunzi chinkatuluka pang'onopang'ono kuyambira pamwamba, moti munthu ukanatha kupita kukagula chimanga chootcha n'kubwerera chisanafike pachibwano. Hamilton sankadandaula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye ankakhala pamenepo, chigongono patebulo, kuweruza ogulitsa anzake ngati woweruza wa kukhoti.

"Uyu ndi wakuba," ankatero chithunzi chisanathe n'kutsika komwe. "Taona, wajambula mbali imodzi yokha. Mbali inayo wasungira ndani? Uyunso wayiika padzuwa la masana kuti kuwala kubise zokandika. Nanga uyu, chala chakechi chikufuna chiyani m'mphepetemu? Pali chimene chakhalira."

"Mwina ndi mmene anagwirira, achimwene," Overtone ankayankha.

"Aphwanga, chala sichimasochera."

Nthawi zambiri ankalondola, ndipo ankadziwa kuti akulondola, zomwe zinkatopetsa anzake. Pa msika umenewo munthu alibe nkhope, alibe m'bale, alibe mpingo womuchitira umboni. Ali ndi dzina basi, ndi mawu amene ogula amasiya pansi pa dzinalo katundu akafika. Pansi pa dzina la Hamilton panalibe liwu loipa ngakhale limodzi. Chinthu chimenechi ankachinyadira kuposa kamera yake, ndipo sankabisa.

Kunyumba nkhani inali ina. Hamilton anali mkamwini m'mudzi wa mkazi wake Ellina, kuseri kwa Namadzi, ndipo kumeneko dzina lake linali lopepuka. Alamu ake ankamutchula kuti mkamwini wa kamera. Ankati manja ake ndi ofewa ngati a namwino, mizere yake ya kumunda ndi yokhota, ndipo munthu wamkulu wogula makobidi osagula kanthu ayenera kuti mutu unamuzungulira pang'ono. Iye ankangoseka, koma zinkamuwawa.

Apongozi ake, mayi Yunis, anali namfedwa, ndipo nyumba yawo inali pafupi moti utsi wa khitchini imodzi unkalowa mu inzake. Komabe chikwatirireni Hamilton anali asanayankhulane nawo maso ndi maso. Mwambo wa pabanjapo unali wotero. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'munda wa nandolo n'kumayang'ana nyemba ngati ali nazo ntchito. Mawu onse ankadutsira mwa Ellina. Njira yothetsera manyazi amenewa inalipo: wina amaika kandalama m'mbale n'kupereka kwa mnzake, amati kutsegula pakamwa, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo amacheza ngati mayi ndi mwana. Akamwini ena anachita kalekale. Hamilton ankazengereza dala. Sankafuna kupita ndi kandalama kokha ngati wina aliyense. Ankadikira tsiku limene adzabweretse chinthu chooneka, choti alamu ake chiwatseke pakamwa pamene iye akutsegula pake.

Tsikulo linaoneka ngati lafika chaka chimene denga la mayi Yunis linatheratu. Udzu unali utawola, ndipo Ellina, posuntha katundu wa mayi ake kuchotsa pamene pankadontha, anapeza kansanza komangidwa mfundo m'chitini cha tiyi. M'katimo munali ndalama yaikulu kudzaza chikhatho cha mwana, yolemera, yakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Anabwera nayo kwa mwamuna wake.

"Amayi akuti inabwera ndi agogo awo pochoka ku Mozambique, nthawi ija anthu ankathawa Apwitikizi. Akuti muione ngati ili m'gulu la zidole zanu zija."

Hamilton anatuluka nayo pakhonde. Inali ya siliva, mbali ina mutu wa mayi wonenepa, mbali ina chimbalame chotambasula mapiko. Pafupi ndi khosi la mayiyo panali kachidindo kakang'ono kokhomedwa pambuyo, kamene anali atangokaonapo pa zithunzi za anthu ena, ndipo ankadziwa mmene ogula amakalimbiranira. Nkhope anaiumitsa kuti chimwemwe chisaoneke.

"Ukawauze amayi kuti chidole ichi ndi malata a nyumba yawo."

Ellina anapita, anabwerako. "Akuti ngati akamwini atero, zili bwino. Koma izigona kwawo mpaka wogula apezeke."

M'mawa mwake anaijambula pamthunzi, pansalu yotuwa, monga ankachitira nthawi zonse: kutsogolo, kumbuyo, m'mphepete, popanda chala chake kuonekera paliponse. Kenako anaibweza kwa eni ake n'kupalasa njinga kupita kwa Overtone. Pansi pa zithunzizo analemba mawu ochepa olimba: sinatsukidwepo, sinabooledwepo, sinakonzedwepo. Kwa anthu osonkhanitsa ndalama zakale kuda kuja ndiye ulemerero wake, ndi umboni woti yakalamba yokha popanda woisokoneza. Hamilton ankazidziwa bwino zimenezi. Chimene sanaganize n'choti pamudzi ponsepo ankazidziwa ndi iye yekha.

Mitengo inayamba kukwera. Mkulu wina wa ku Debeni, ku South Africa, wogula wodziwika pa msikawo, anafunsa kawiri ngati ndalamayo ilibe chilema chobisika, pakuti zambiri za mtundu umenewo anthu ankaziboola n'kuzivala m'khosi. Hamilton anayankha kuti ayang'ane zithunzi, ayang'anenso dzina la wogulitsa. Mkuluyo anakhutira, ndipo pamapeto anapambana ndi iye. Lamulungu lake, potuluka m'tchalitchi, Hamilton analephera kudzigwira. Anauza alamu ake pagulu kuti ayambe kufuna misomali, chifukwa mvula ya chaka chino idzagwa pa malata.

Ndiye madzulo a tsiku lotsatira anaitana mkazi wake.

"Amake Sophie, ukawauze amayi aisamale bwino ndalama ija. Mawa ikupita kwa mwini wake."

Iye ankatanthauza kuti aisunge pabwino, isagwe, isakhudzidwe. Ellina anawoloka bwalo n'kufikitsa uthengawo mokhulupirika ndithu.

"Akuti muisamale bwino, mawa ikupita kwa azungu."

Tsono funsani mayi aliyense wa ku Chiradzulu tanthauzo la kusamala chiwiya chimene chikupita pamaso pa alendo. Mayi Yunis anayang'ana ndalamayo, manyazi anawagwira. Chinthu chakuda chonchi chikatuluke m'nyumba mwawo, chikafike m'manja mwa mlendo wa kutali, akanene kuti kumeneko kuli amayi auve? Anatenga phulusa, anadula ndimu, anatapa mchenga wosalala wa kumtsinje, anasankha chisononkho cholimba. Anakhala kuseri kwa khitchini n'kuyamba kukwecha, uku akung'ung'udza nyimbo ya kumvano, ndipo sanaleke mpaka ataona nkhope yawo mmenemo.

M'mawa Ellina anabwera nayo m'mbale, atavundikira ndi kansalu koyera koluka m'mbali. Hamilton anavundukula. Ndalama inkang'anima kuti mbee, ngati chivundikiro cha poto watsopano. Kuda konse kunali kutapita, ndipo pa tsaya la mayi wonenepa uja panali timizere ta mchenga topingasana. Koma vuto lalikulu linali lina. Pamwamba penipeni pa mutu panali kadontho kozungulira, kotuwa, kamene kanakana kuwala ndi phulusa lomwe. Unali mtovu. Ndalamayo inabooledwapo, wina anatseka bowolo, ndipo zaka zinaphimba zonse ndi chikuda chimodzi.

Anafuna kukuwa. Anatsegula pakamwa ndithu, koma anaona m'mphepete mwa chitenje kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anali chiimire pamenepo, kudikira kumva kuti ntchito yawo yayamikiridwa.

"Ukawauze amayi kuti zikomo," anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wa chimfine. "Agwira ntchito yaikulu."

Kwa Overtone anangoika ndalamayo patebulo. Overtone anaiyang'ana, anayang'ana chithunzi chakale pakompyuta, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Si izi zang'anima?"

"Usandiseke, aphwanga. Ndaferatu."

"Simunafe. Tamverani. Wiritsani dzira, muliphwanye, mutsekere limodzi ndi ndalamayi m'chitini. Siliva amada yekha. Mukatero muidutsitse pa utsi wa koloboyi, mupukute pang'ono, bowolo lisowanso. Mzungu wanuyo ali ku Debeni. Mukuganiza kuti akwera minibasi kudzakufunani pa Namadzi?"

Hamilton njira ya dzirayo ankaidziwa kale kuposa Overtone, ndipo anali ataiganizira njira yonse ali panjinga. Ankaona malata akutsika pa ngolo, alamu ake akusowa chonena, iye akupereka mbale yake ya kutsegula pakamwa ngati mwamuna. Ankaonanso mbali inayo: kubwerera chimanjamanja atalengeza patchalitchi. Mantha a kusekedwa si chinthu chaching'ono kwa mkamwini, ndipo Hamilton anachita mantha zedi.

"Takulitsa chithunzi chakalecho," anatero. "Pamwamba pa mutupo."

Overtone anakulitsa. Poyamba panalibe kanthu, kuda kokhakokha. Koma diso likadziwa pofuna limapeza, ndipo Hamilton anaona kamzere kozungulira, kofooka, pamalo pomwepo. Kanali pachithunzi chake chomwe nthawi yonseyi. Iye amene ankagwira akuba ndi chala chimodzi anali atayang'ana chikomekome cha mkuyu n'kulumbira pa dzina lake kuti m'kati mulibe nyerere. Zimenezi zinamuwawa kuposa mchenga wa apongozi.

"Ndiye dzira ndikagule?" anafunsa Overtone.

"Ukagule, udye. Mkulu uja anandifunsa kawiri, ine ndinamuuza kuti ayang'ane dzina langa. Ndikamutumizira utsi, dzinalo ndidzalitchulanso ndi pakamwa pati?"

Anatuluka panja, anayala nsalu yake yotuwa pa khonde la sitolo, n'kuijambulanso ndalamayo. Ulendo uno anaipendeketsa kuti kuwala kubwere cha m'mbali, kagwere pa kadontho ka mtovu ndi pa mzere uliwonse wa mchenga. Anthu ambiri anawakongoletsa ndi kamera imeneyo; ichi chinali chithunzi choyamba chimene anavutikira kuti chinthu chioneke choipa monga chinalili. Anatumiza kwa mkulu wa ku Debeni ndi mawu osazungulira: kuti zimene analemba poyamba sizinali zoona, kuti ndalama yatsukidwa kunyumba mosadziwa, kuti kutsukako kwaulula bowo lotsekedwa limene iye sanalione, ndipo kuti mkuluyo ali ndi ufulu wosiya.

Yankho linabwera tsiku lotsatira, lalifupi. Mkuluyo anati ndalama yokwechedwa ndi yotsekedwa bowo sangaigule, mtengo wake sungapitirire kwenikweni wa siliva wakeyo. Anathokoza, ndipo anati akadzapeza ina amudziwitse iye poyamba. Dzina la Hamilton linatsala loyera. Koma malata anapita.

Chinatsala n'kukanena kunyumba, ndipo nkhani yotere sakanaituma ngati uthenga wa mchere. Anapempha kuti akhale pansi ndi apongozi. Anakhala monga mwa mwambo: Hamilton pakhonde la kutsogolo atayang'ana kumsewu, mayi Yunis pakhonde la m'mbali atayang'ana kumunda, ngodya ya nyumba pakati pawo, Ellina pangodya penipeni. Ankamvana bwinobwino, mpaka kupuma kwa wina ndi mnzake, koma mawu ankayenera kudutsa pa mlatho wake. Hamilton anapereka ndalamayo kwa Ellina, Ellina anaipititsa.

"Uwauze amayi kuti ndalama yabwerera. Wogula wakana. Malata ndinalonjeza aja kulibe."

"Akuti ndalama yabwerera, malata kulibe."

Mawu a mayi Yunis anabwera otsika kuchokera kuseri kwa ngodya. "Uwafunse ngati ndi kutsuka kuja."

"Akufunsa ngati ndi kutsuka kuja."

Apa bodza laling'ono likanakoma, koma Hamilton anali atakana lalikulu dzulo lake, ndipo pakamwa panali patazolowera.

"Uwauze kuti inde, ogula amafuna yakuda, kutsuka kumagwetsa mtengo. Koma wolakwa ndine, chifukwa ndinati aisamale osanena kusamala kwake. Uwauzenso kuti akanapanda kutsuka, ndikanagulitsa bodza ndi dzina langa, chifukwa ndinalumbira kuti ilibe bowo. Phulusa lawo landipulumutsa."

Ellina anayamba kubwereza, koma mayi ake anamudula.

"Bowo? Nanga bowolo ndani salidziwa? Agogo anga anawoloka nayo ili m'khosi pachingwe, ankati imawateteza panjira. Atafika kuno n'kulowa kalasi ya ubatizo, aphunzitsi anati zithumwa zonse zivulidwe. Iwo kutaya sanafune. Ndiye agogo aamuna anapita nayo kwa wokhoma zidebe kuti atseke bowolo, ikhale ndalama chabe, isakhalenso chithumwa. Nkhani imeneyi ngakhale mbuzi za pano zikuidziwa. Akanandifunsa."

"Akuti mukanawafunsa," anatero Ellina, amene anali atatopa ndipo anasankha mawu omaliza okha.

"Ndikanawafunsa bwanji?" Hamilton anayankha, ndipo mawuwo anatuluka ndi chisoni chimene sanakonzekere. Anakhosomola. "Uwauze kuti denga ndifolera ndekha ndi udzu mvula isanabwere. Za malata sindilonjezanso pagulu. Alamu anga aseke, ali ndi chifukwa."

Ellina sanabwereze. Kuseri kuja kunamveka munthu akudzuka, mawondo akulira, chitseko chikukwekwesa pansi. Hamilton anaganiza kuti apongozi akwiya ndipo nkhani yathera pomwepo. Anayang'ana manja ake ofewa aja, n'kuyamba kuganiza za zenga ndi matuza.

Kenako anamva chitsulo chikukhulika pa simenti. Mbale ya malata inatulukira pangodya, dzanja lokalamba likuikankha pang'onopang'ono, inadutsa pa mapazi a Ellina n'kudzaima pafupi ndi bondo lake. M'mbalemo munali ndalama ija, ikung'anima, kadontho kake kotuwa kali pamwamba.

Hamilton anaiyang'ana osamvetsa, kenako anamvetsa. Mbale imeneyi ankayenera kupereka ndi iye, pa tsiku la ulemerero wake. Yabwera kuchokera mbali inayo, pa tsiku limene analibe kanthu.

"Bambo a Sophie," anatero mayi Yunis, osadutsira mwa munthu. "Tatembenukani kuno. Kandimverere watidyera malata, asatidyerenso zina."

Anatembenuka. Munthu amene anajambula nkhope za theka la Namadzi anali asanaonepo iyi molunjika. Inali yaing'ono kuposa mmene ankaganizira, ya maso oseka, ndipo pakati pa mano akutsogolo panali mpata wofanana ndendende ndi wa mwana wake Sophie. Anafuna kunena mawu aulemu oyenera, koma onse anathawa.

"Amayi," anangotero.

Ellina, amene ntchito inali itamuthera, anadzuka, anakutumula chitenje n'kupita kukaona mbuzi.

"Udzu wa kumtunda kuno musadule, ndi waufupi, umawola msanga," anapitiriza mayi Yunis, akukhala pakhonde lomwelo. "Wabwino uli kudambo la kumunsi. Mawa tipitire limodzi ndikakuonetseni. Ndipo mukafuna kudziwa kanthu, muzindifunsa."